Sapulayi Yolemera

"Muthyola, achimwene! Chonde siyani kukankha, muthyola!"

Jamali sanamve n'komwe. Anali atapana kesi ya kompyuta pakati pa mawondo, akukankhiramo khadi lake la zithunzi, lotulutsa magemu pa sikirini, chinthu chachitali ngati njerwa, cha mafani atatu. Khadilo linkakana. Linkalowa theka, kutsogolo n'kugunda kachitsulo kena kopingasa m'kati mwa kesiyo. Sakina, mlongo wake, anaima tsidya lina la tebulo, manja ali m'mwamba ngati munthu wofuna kuwakha mwana amene akugwa.

"Kesi iyi ndi yaifupi," anatero Sakina. "Ndinakuuzani kuti tiyeze kaye kutalika kwa khadi tisanagule."

"Ukundiphunzitsa ine? Ine ndagwira makompyuta ku Joni iwe ukutsegula timafoni ta mabatani!"

Anaika khadi pa tebulo mosamala, pakuti ndi chinthu chokhacho padziko lapansi chimene Jamali ankaika pansi mosamala, kenako anatola hamala. Anamenya kachitsulo kaja mwaukali mpaka kanathothoka, n'kuuluka kukagunda galasi la kauntala ya Sakina. Galasilo linang'aluka pakati. Chala cha Jamali chinachekeka, magazi n'kudonthera pa tebulo, koma iye anangochiyamwa.

"Waona? Yatalika tsopano."

Umu ndi mmene ntchito inayendera sabata yonse ija m'kashopu ka Sakina pa Nselema. Sakina ankakonza mafoni ndi makompyuta. Anaphunzira ntchitoyi ku Zomba, ndipo anthu a pamsika ankamukhulupirira kuposa amuna onse okonza mafoni pa mabenchi. Jamali, mchimwene wake wamkulu, anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, komwe anakhala zaka zisanu ndi zinayi. Anzake amabwerako ndi njinga zamoto, malata, mafiriji. Iye anabwera ndi chipsera chachikulu pamutu ndi khadi limodzi. Kumeneko ankagula zida za kompyuta ya magemu chimodzichimodzi, koma tsiku lina eni dziko anayatsa zisakasa za alendo, iye n'kuthawa ndi khadilo atalibisa m'malaya. Zina zonse zinapsa. Za tsiku limenelo sankakamba ndi munthu. Zinkangotulukira m'manja: mwezi usanathe anali atamenya kale kondakitala wa minibasi ndi bambo wina wokazinga chipisi, onse pa nkhani zosamveka.

Tsopano ankafuna kutsegula malo a magemu, kuti achinyamata a pa Nselema azisewera mpira pa sikirini yaikulu. Khadi linali lake, koma zida zina zonse wosankha anali Sakina. Anasankha bodi yolumikizapo zida zonse, yogwirizana ndi pulosesa, ubongo wa kompyuta, imene anapeza ku Zomba. Pa ramu, kachida kothandiza kompyuta kuthamanga, anakangana tsiku lonse, chifukwa Jamali ankafuna ya magetsi othwanima mitundumitundu, pamene Sakina ankati imeneyo siingalowe pa bodi yawo ngakhale ataimenya ndi hamala. Pamenepo Sakina anapambana, ngakhale kuti kapu yake ya tiyi inaswekera pakhoma.

Koma chimene chinkamusowetsa mtendere Sakina sichinali kompyuta. Anali mwamuna wake, Hilary, bambo wa mwana wake Tasha. Hilary anali wa ku Utale, Mkatolika, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Anakwatira Sakina Jamali ali ku Joni. Amalume a Sakina ndiwo anavomereza ukwatiwo, Hilary n'kumanga nyumba pamudzi pa mkazi wake monga mwa mwambo. Amalumewo anamwalira chaka chatha, ndipo mwini mbumba tsopano anali Jamali. Tsiku lomwe anafika ananena poyera kuti mkamwini ameneyu sanamulandire ndi iye.

"Adzangolakwitsa kamodzi," ankatero, "adzabwerera ku Utale ndi chipewa chake cha njinga basi."

Sakina ankamukonda mwamuna wake, ndipo ankamuopa mchimwene wake. Sankadziwa kuti chachikulu pa ziwirizi n'chiti, ndipo ankapemphera kuti lisadzafike tsiku loti adziwe.

Lachinayi madzulo, khadi litalowa m'kesi yotibulidwa ija, Jamali anafunsa kuti chatsala n'chiyani.

"Pawa sapulayi," anatero Sakina. "Kabokosi kogawa magetsi ku zida zonsezi."

"Si iyo inabwera ndi kesi?"

Sakina anainyamula ndi zala ziwiri, naigwedeza. "Imvani kupepuka kwake. Chitini cha mkaka chopanda kanthu. Khadi lanu limadya magetsi ngati ayironi, achimwene. Iyi siingalidyetse."

Apa mpomwe Sakina ankanyadira kwambiri. Mphunzitsi wake wa ku Zomba anamuuza kuti zolemba pa bokosi zimanama koma dzanja silinama: sapulayi yabwino imakhala ndi mkuwa wambiri m'kati, choncho imalemera. Chiyambire nthawi imeneyo Sakina ankayeza chilichonse m'manja, tchaja, batire, adaputa, ngati mayi wosankha kabichi pamsika. Njirayi inali isanamukhumudwitsepo, ndipo ankaiphunzitsa aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe.

"Ku Balaka ziliko zabwino," anapitiriza. "Bambo a Tasha apita mawa pa njinga."

Hilary anali pakhomo akupukuta galasi la chipewa chake. Jamali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uyu? Amadziwa kusiyanitsa sapulayi ndi batire ya njinga?"

"Ndikagula imene andiuze, alamu," anatero Hilary mofatsa.

Nzeru yotuma Hilary inali ya Sakina yekha. Ankaganiza kuti kompyuta ikayaka, Jamali adzakumbukira kuti mlamu wake anathandizapo, mwina mtima n'kutsikako pang'ono. Inali nzeru yabwino ndithu, ya mtundu uja umene umapweteketsa anthu.

Lachisanu masana, Jamali ali kumzikiti, foni ya Sakina inalira.

"Mayi a Tasha, ndili m'shopu muno ku Balaka," anatero Hilary. "Pali ziwiri. Ina ili m'bokosi lomata bwinobwino, mwini shopu akuti yeniyeni ndi imeneyi. Ina ili ndi bambo wina wa pabenchi panjapa, ilibe bokosi."

"Mwazinyamula? Yolemera ndi iti?"

"Ya panjayi. Yolemera kwambiri, ngati mwala."

"Tengani imeneyo."

"Koma mwini shopu akuti za panjazo tisamale nazo. Bwanji tingotenga ya m'bokosiyi?"

"Mwini shopu akufuna kukugulitsani bokosi. Kodi amakonza makompyuta ndinu kapena ine? Tengani yolemerayo, bambo a Tasha, musandichedwetse."

Hilary anatenga yolemerayo. Atafika nayo madzulo, ali mbuu ndi fumbi, Sakina anainyamula, dzanja n'kutsika pansi ndi kulemera kwake, ndipo anamwetulira. Anaganizapo zoitsegula kuti aone m'kati, koma tizomangira take tinali tomata ndi kapepala, komanso Jamali anali ataima pambali pake akupumira pakhosi. Anangoimangirira m'kesi.

Loweruka masana Jamali anatulutsa sikirini yaikulu pakhonde la shopu. Anali ataitana Nselema yense. Akabaza anaimika njinga zawo, ometa anasiya anthu mitu ili theka, amayi ogulitsa tomato anasuzumira ali pa malo awo. Jamali anavala malaya atsopano, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere ku Joni ankaseka. Sakina ataona mano a mchimwene wake anamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi.

"Bisimila," anatero Jamali, nadina batani.

Mafani anazungulira. Sikirini inayaka. Patapita kanthawi bwalo la mpira linaonekera, udzu wobiriwira ngati weniweni, osewera akutuluka thukuta pamphumi. Anthu anakuwa. Wina anati wosewera mmodzi wamuyang'ana iye. Jamali anapereka chowongolera kwa mnzake Latifu, natenga chinacho yekha, mpira n'kuyamba.

Mpira utangoyamba, khadi linayamba kukoka magetsi ake onse. Sakina anamva mafani akusintha kulira, kenako kafungo ka pulasitiki wopsa. Anatambasula dzanja kuti azule chingwe, koma anachedwa. Phwaa! Moto wabuluu unatuluka kumbuyo kwa kesi, sikirini inada, utsi wakuda n'kukwera mpaka ku malata.



Jamali anagwada, natsegula kesi. Anazula khadi. Mbali imodzi inali itapsa, yakuda, pulasitiki itasungunuka. Analiyang'ana nthawi yaitali, akulisisita ndi chala chovulala chija.

"Sakina. Likonzeka?"

Sakina analitenga, nalinunkhiza, naliyang'ana kumbuyo. Akanatha kunama, koma pa ntchito yake sankanama.

"Iyayi, achimwene. Lapsa m'kati. Sapulayi ndi imene yaliotcha."

Mawu amenewa atangotuluka, anazindikira chimene wachita. Jamali anaimirira pang'onopang'ono. Chipsera cha pamutu chija chinkaoneka ngati chatupa.

"Anagula sapulayi ndani?"

Aliyense ankadziwa amene anagula. Amene anasankha ankamudziwa ndi anthu awiri okha. Hilary anayang'ana mkazi wake. Sakina anayang'ana pansi.

"Ndine, alamu," anatero Hilary.

Chibakera choyamba chinamupeza pakamwa asanatseke n'komwe. Anagwera pa njinga za akabaza, zitatu n'kugwa motsatizana. Asanadzuke, Jamali anali pa iye, akumuponda m'nthiti ndi nsapato zake za ku Joni za chitsulo kutsogolo.

"Zaka zisanu ndi zinayi! Ndathawa nalo m'moto! Ndadutsa nalo Mozambiki yense pamimba panga! Kuti lidzapsere pano chifukwa cha galu wa ku Utale?"

"Alamu, pepani..."

"Usanditchule alamu! Unachitira dala! Walahi, lero ukupita kwanu m'bokosi!"

Hilary sanabwezere. Anangodzipinda, manja ataphimba kumutu. Anthu aja anakuwa mpira posachedwapa anabwerera m'mbuyo n'kupanga bwalo. Ena anatulutsa mafoni. Latifu anayesa kugwira mkono wa Jamali, nalandira chigongono pamphuno, n'kukakhala pansi magazi ali chuchuchu. Atatero iyeyo panalibenso wina wofuna kuyesa. Amayi a tomato ankakuwa kuti aphana, aphana, koma ankakuwira patali.

Sakina anali chilili pakhomo la shopu yake, khadi lopsa lili m'manja. Ankamva nsapato iliyonse ngati ikugwera pa iye. Mawu anali pakhosi, mawu awiri okha, koma mantha anali atawakhalira. Ankadziuza kuti akangomenyanso kamodzi ndilankhula, Jamali n'kumenya, iye osalankhula. Manyazi amene anamva pamenepo sanawamvepo chibadwire.

Jamali anatopa ndi kuponda. Analumphira pakhonde, nagwira mawaya a sapulayi, naizula m'kesi ndi mphamvu moti tizomangira tinathothoka. Anaizunguza m'mwamba ndi mawaya akewo.

"Idya chinthu chako!"

Hilary anali atadzuka pa mawondo. Chitsulocho chinamupeza pachibwano. Phokoso lake linamveka mpaka tsidya la msewu, ngati nkhuni youma ikuthyoka. Anagwa cham'mbali osakuwa. Sapulayi inapulumuka m'manja mwa Jamali, inakamenya mwala wa khonde, n'kutseguka pakati. M'kati mwake munagubuduka chinthu chokulungidwa ndi tepi yachikasu, chinagubuduka mpaka pa mapazi a Sakina n'kusweka. Sichinali mkuwa. Chinali chibuma cha simenti, chomangirira m'katimo kuti chinthucho chizilemera. Amene anapanga sapulayi imeneyo ankawadziwa bwino anthu oyeza ndi dzanja.

"Ndine!" Sakina anakuwa, mawu akung'ambika. "Ndinasankha ndine! Iwo ankafuna ya m'bokosi, ine ndinawakakamiza kuti atenge yolemerayi! Ndine, achimwene, musiyeni!"

Anathamanga n'kudzigwetsa pa mwamuna wake. Jamali anali atakweza kale mwendo, ndipo nsapatoyo inamupeza Sakina paphewa. Pokhapo mpamene amuna anayi anam'gwira Jamali kumbuyo n'kumugwetsa. Zikuoneka kuti pa Nselema mkamwini ukhoza kumupha anthu akuonerera, koma mlongo wako ayi. Jamali anapalapata, natukwana m'Chiyao ndi m'zilankhulo za ku Joni, kenako mphamvu zinamuthera. Anakhala mu fumbi akuyang'ana zidutswa za simenti, akulira ngati mwana.

Hilary ankapuma. Chibwano chinali chitakhota, mano awiri ali pansi, magazi akuyenderera m'khosi mpaka m'malaya. Sakina anavula mpango wake wa kumutu pamaso pa anthu onse, namumanga nawo kuti chibwano chisalendewere. Bambo wina wa pikapu ya chimanga anavomera kuwanyamula.

Asananyamuke anafika amayi ake a Sakina, Abiti Sufiyani, akuthamanga opanda nsapato. Wina anali atawaimbira foni. Anayang'ana mkamwini wawo, anayang'ana mwana wawo wamwamuna mu fumbi, nakwera pikapu osafunsa kanthu. Iwo monga aliyense ankadziwa kuti munthu wovulala chonchi amayamba wadzera kupolisi kukatenga kalata yopita nayo kuchipatala.

Galimoto itanyamuka, Abiti Sufiyani anasendera pafupi ndi mwana wawo.

"Tamvera, Sakina. Kupolisi ukanene kuti wagwa pa njinga. Akabaza amagwa tsiku lililonse."

"Amama, anthu onse aona. Ajambula m'mafoni."

"Anthu sakalankhula ngati iwe sulankhula. Izi ndi za pamudzi, tikambirana pamudzi. Jamali apepesa, ndimuuza ine. Ndipo mwamuna wakoyu palibenso womuthamangitsa, ndikulumbira."

"Akanamupha."

"Koma sanamuphe! Mchimwene wako wavutika, mutu wake sunabwere wonse, iwe ukudziwa. Ndamudikira zaka zisanu ndi zinayi, ndimupereke kundende ndi pakamwa pa mlongo wake? Tasha adzamuimira ndani pa ukwati wake? Ine adzandiika m'manda ndani?" Mawu awo anatsika, koma anauma. "Ukamutchula, pamudzi panga usadzapondepo. Nyumba ija uiiwale. Ndilibe mwana wopereka mbale wake."

Sakina anayang'ana mwamuna wake. Mutu wa Hilary unali pamiyendo pake, ndipo galimoto ikagwera m'dzenje iye ankabuula. Maso ake anali otsegula. Zonse ankamva. Patapita kanthawi milomo yake inagwedezeka, Sakina n'kuwerama kuti amve. Mawu ankatuluka movutikira, osakanikirana ndi magazi.

"Munali... pomwepo... mayi a Tasha."

Sanawanene mokwiya. Akanakwiya zikanakhala bwino. Anawanena ngati munthu wodabwa, amene akufuna wina amuuze kuti waona molakwika. Sakina analira, misozi ikugwera pa mpango womanga chibwano uja, chifukwa zinali zoona. Anali pomwepo.

Kupolisi anawalandira wapolisi wachikulire, wa mandala. Ataona Hilary anaimirira yekha n'kuthandiza kumukhazika pa benchi. Kenako anabwerera pa tebulo, natenga cholembera.

"Dzina la wovulala?"

Sakina anatchula.

"Inu ndinu ndani wake?"

"Mkazi wake."

"Chachitika n'chiyani?"

"Wagwa pa njinga, bwana," anatero Abiti Sufiyani mofulumira. "Ndi wakabaza uyu. Mchenga wa pamsewu paja."

Wapolisi anawayang'ana pamwamba pa mandala, nayang'ananso chidindo cha nsapato chimene chinali pa malaya a Hilary.

"Agogo, ndafunsa mkazi wake. Mayi, chachitika n'chiyani?"

Sakina anamva dzanja la amayi ake likugwira chitenje chake kumbuyo, likukoka, zikhadabo zikulowa m'chiuno. Anaganiza za nyumba imene Hilary anaumbira njerwa yekha, za munda wa amayi ake, za Jamali akuseka masana omwewo atavala malaya atsopano. Mantha aja anabweranso, omwewo a pakhomo la shopu. Pa benchi Hilary anali atatseka maso. Sankamuyang'ananso. Anali atasiya kudikira.

"Sanagwe pa njinga," anatero Sakina. "Amenyedwa."

"Sakina!"

"Wawamenya ndani?" anafunsa wapolisi.

"Jamali Sadiki. Mchimwene wanga, bere limodzi. Wawaponda ndi nsapato, kenako wawamenya ndi chitsulo cha kompyuta. Cholakwa chinali changa, iwo sanalakwe kanthu. Ine ndinalipo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndidzanena zomwezi kulikonse kumene mungandiitane."

Wapolisi analemba, nafunsa kuti Jamaliyo angakam'peze kuti. Sakina anamuuza njira yonse, pokhotera, mtengo wa mango, mpaka mtundu wa chitseko.

Dzanja lija linamasuka pa chitenje. Abiti Sufiyani anatuluka osatsanzika, mapazi opanda nsapato akumveka pa simenti mpaka panja. Sakina sanacheuke. Anakakhala pa benchi pafupi ndi mwamuna wake, namugwirira chibwano ndi manja onse awiri, kudikira kuti wapolisi amalize kulemba kalata.